Chimene chinamanga dzina la chiponde changa

Pamene ndinkayamba kupera chiponde choti ndizigulitsa, ndalama zambiri za mpamba wanga ndinazithera pa pepala lomata pa botolo. Ndinapeza mnyamata wodziwa kujambula pa kompyuta, tinatha masiku angapo tikusankha mitundu ndi kalembedwe ka dzina, ndipo nditanyamula mapepala onyezimira aja ndinakhulupirira kuti bizinesi yanga yadziwika basi. Patapita miyezi iwiri ndinaima pa golosale ina kwathu kuno ku Area 25 ndipo ndinamva mayi wina akuitanitsa chiponde cha chivindikiro chofiira, chonunkhira mtedza wokazinga. Chinali changa, koma dzina limene ndinalivutikira lija sanalitchule n'komwe. Chimene anasunga m'mutu chinali chivindikiro ndi fungo.

Tsiku limenelo ndinayamba kumvetsa kuti dzina la malonda ndi mawu amene anthu amanena za katundu wako iwe mwini kulibe. Amalawi tili ndi zitsanzo zimene takula nazo. Chakumwa chilichonse chotsekemera chosungunula ndi madzi timachitcha Sobo, ngakhale chitapangidwa ndi kampani ina, ndipo mankhwala otsukira mano alionse ambiri timangoti Colgate. Tsabola wa Nali wa ku Luchenza m'boma la Thyolo amadziwika ndi mawu awiri a Chichewa olembedwa pa botolo, akuti "Abale samalani", koma mawuwo akanakhala opanda mphamvu tsabolayo akanakhala kuti lero akuwawa, mawa sakuwawa. Chenjezolo limagwira mtima chifukwa aliyense amene analawapo amadziwa kuti likunena zoona.

Phunziro limeneli ndinalilipirira. Ndinkagwiritsa ntchito mtedza wa CG7, wofiira uja wa mafuta ambiri, umene ndinkagula ku Mchinji nthawi yokolola. Chaka choyamba sindinawerengere bwino, ndipo pofika mu Januwale, mitengo itakwera ndipo mtedza wabwino ukusowa, matumba anga anali atatha. Ndinagula mtedza wosakanikirana kwa wamalonda wina pamsika, ndinausankha mothamanga chifukwa maoda ankandidikira, ndipo ndinapera. Mabotolo anali omwewo, pepala lomwelo, mtengo womwewo, koma chiponde chinali ndi kakuwawa kumapeto kwa lilime. Eni magolosale awiri anandibwezera katundu, ndipo mmodzi wa iwo, bambo wachikulire amene anandilandira ndisanadziwike ndi aliyense, anandiuza modekha kuti makasitomala ake akufunsa ngati ndasiya kupanga ndekha. Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndalama zimene ndinataya, chifukwa ndinazindikira kuti ndinabwereka chikhulupiriro cha anthu n'kuchigwiritsa ntchito pogulitsa chinthu chimene ine ndemwe sindikanawapatsa ana anga. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo botolo langa mwezi umenewo linali mkuyu wotero.

Panali nkhani ina yoopsa kuposa kakomedwe. Mtedza wosauma bwino kapena wosungidwa pa chinyezi umachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ndi kukazinga ndipo amawononga chiwindi. Chiponde chimadyedwa kwambiri ndi ana, m'phala ndi pa buledi. Chotero kusankha mtedza ndi manja, kutaya wofota, wosweka ndi wosintha mtundu, ndiyo ntchito imene dzina langa laimapo, ngakhale kuti wogula saiona. Masiku ano ndikaona kuti mtedza wabwino watha, ndimauza eni magolosale kuti adikire sabata imodzi kapena ziwiri. Kusowa pa shelefu kwa masiku ochepa anthu amakhululuka, koma botolo limodzi lowawa amalikumbukira ndipo amauzana.

Sindikunena kuti pepala ndi chizindikiro zilibe ntchito. Chivindikiro chofiira chija ndinasankha mwangozi chifukwa n'chimene chinalipo tsiku limene ndinkagula mabotolo, koma nditamva kuti anthu akundizindikira nacho sindinachisinthenso, ngakhale pamene zoyera zinali zotsika mtengo. Pa pepala ndinachotsa maluwa ndi mawu ambiri a Chingerezi amene ndinkaganiza kuti akundikweza, ndinasiya dzina, zimene zili m'botolo, tsiku lopangira, tsiku lothera ntchito ndi nambala ya foni imene ndimayankha ndekha. Nambala yomweyo ndi imene ili pa WhatsApp, ndipo ndi yomweyo imene anthu amatumizirako ndalama. Munthu akamaona dzina lina pa botolo, lina pa Facebook ndi linanso potumiza ndalama, amayamba kukayika asanalawe n'komwe.

Mbali ya malamulo ndinaichedwetsa ndipo ndikulangiza amene akuyamba kumene kuti asatero. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi chinthu china, ndipo kuteteza chizindikiro cha malonda pansi pa lamulo la Trademarks Act la 2018 ndi chinthu chinanso. Choyamba chimakulola kuchita malonda m'dzinalo, chachiwiri ndi chimene chimakupatsa poimira wina akayamba kumata chizindikiro chofanana ndi chako pa katundu wake. Kwa ife opanga zakudya palinso bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, limene lakhalapo kuyambira mu 1972. Kuyendetsa katundu kuti ayezedwe kumafuna ndalama ndi kuleza mtima, komanso kumakukakamiza kukonza malo opangira, koma masitolo akuluakulu amafuna kuona chizindikiro cha bungweli, ndipo kwa mayi amene sakundidziwa chizindikirocho ndi mboni yoti wina wake anayeza zimene ndikunena.

Chimene chimandivutabe ndi mtengo. Kwacha ikagwa, mabotolo, magetsi ndi mayendedwe zimakwera nthawi imodzi, ndipo pamabwera chiyeso chochepetsa chiponde m'botolo mwakachetechete kapena kuthiramo mafuta ophikira kuti chichuluke. Ndinasankha kukweza mtengo poyera ndi kuwauza makasitomala chifukwa chake, kenaka ndinawonjezera botolo laling'ono kuti amene alibe ndalama zokwanira lalikulu asapite kwina. Ena anadandaula, ochepa anachoka, koma palibe amene anandinena kuti ndamunamiza.

Bambo wachikulire uja anavomera kulandiranso katundu wanga patapita miyezi itatu, atayamba walawa yekha ndi supuni ine ndili pomwepo. Chaka chino ndawerengera matumba okwanira kufika mu Epulo, ndagula mapaleti oti asakhudze pansi, ndipo mtedza ukangouma bwino m'minda ndipitanso ku Mchinji kwa alimi omwewo amene ndakhala ndikugula kwa iwo kuyambira pachiyambi.