Zikomo nonse, mnyamata wathu watuluka ku nazale

Abale anga, lero ndiye nditha kulemba mtima uli m'malo. Mwana wathu ali kunyumba ku Mpondasi, akupuma yekha opanda timachubu m'mphuno. Ambuye alemekezeke.

Ambiri mumangomva kuti madamu ali m'chipatala pa boma koma nkhani yake simumaidziwa. BP inawakwera moopsa mimba ili ndi masabata 32, ndiye madokotala anangoti opaleshoni basi. Mwana atangotuluka kapumidwe kake kanali kothamanga, akubuula, chifuwa chikulowa mkati, milomo yada, eeh ine miyendo inazizira.

Choyamba ndithokoze anesi a ku nazale, makamaka asisitala ena amene anakhazika pansi apongozi anga nkuwalongosolera, chifukwa kumudzi anthu anali atayamba kale kunong'ona za tsempho maso ali pa ine. Asisitalawo anati m'mapapo mwa mwana mumakhala timadzi toterera totchedwa surfactant, timene timapangitsa kuti timatumba ta mpweya tisamatane, ndiye wobadwa masiku asanakwane, makamaka masabata 34 asanafike, timadziti timakhala tisanakwanire. Kwa ife zinangounjikana, madamu anawapezanso ndi shuga ku sikelo ndipo shuga wa mayi amachedwetsa mapapo kukhwima, opaleshoni yochitika ululu wobereka usanayambe nayo imawonjezera, komanso akuti ana aamuna ndi amene vutoli limawakonda kuposa aakazi. Mapasanso chimodzimodzi. Apongozi anangoti kodi? Za tsempho zinathera pompo.

Zikomo adokotala pobaya madamu jakisoni wokhwimitsa mapapo uja opaleshoni isanachitike. Zikomo chifukwa cha CPAP, kamashini kothandiza mwana kupuma kotchedwa Pumani, kobwatabwata madzi kaja kamene anakayesera ku Queens ku Blantyre limodzi ndi a Rice University ya ku America, ine phokoso lake mpaka pano ndikumalimvabe m'tulo. Chinandidabwitsa china nchakuti ndi kutentha konse kwa Mangochi kuno mwana wotere amazizidwabe, ndipo akazizidwa kupuma kumavutiravutira, nchifukwa chake kangaroo sitikumusiya, nanenso ndikumamangirira kamwanako pachifuwa ndi chitenje, amene akuseka aseke.

Amayi, apongozi anga, mwagona pansi monga gadiyani osadandaula, ndilibe chokubwezerani. Achimwene a kabaza amene mumanyamula phala m'mamawa kuwoloka buliji osandilipiritsa, anzanga ogulitsa usipa mumsika amene munasonkha ndalama, amayi a Mvano, ndi aneba athu achisilamu amene mumatichitira duwa, Mulungu akudalitseni nonse.

Ofuna kudzaona mwana pepani dikirani kaye pang'ono, anesi atiuza kuti chimfine chikhoza kumubwezera m'chipatala. Akakamuyezanso sikelo nkutiuza kuti wanenepa ndidzakuuzani pompano, dzina tidzalengezanso tsiku lomwelo.