Ulendo wathu wa ku Jordan, kwa ana a Loti ndi Esau

Abale ndi alongo a gulu lathu la Lachitatu, ndalemba lipotili monga munandituma, kuti amene munatsala mumve zonse, komanso kuti nkhani ya mkangano wa m'basi uja ileke kukambidwa mosiyanasiyana. Mukukumbukira mmene ulendowu unabadwira. Tinafika pa Genesis 10, anthu n'kuyamba kuyasamula, ena n'kupempha kuti tidumphe mutuwo poti ndi mayina okhaokha. Abusa anakana, nati mayinawa ali ndi kwawo ndipo tidzakawaona ndi maso. Tinasonkha zaka ziwiri, amayi akukazinga mandasi, achinyamata akutsuka magalimoto, mpaka anthu 19 tinakweradi ndege ku Lilongwe.

Tisanafike n'komwe tinali titayamba kale kuwatola mayinawo. Podikira ndege ina ku Addis Ababa, abusa anatiuza kuti pamene Chihebri chimati Kusi, omasulira m'Chigiriki analemba Ethiopia, ngakhale dziko la Kusi lenilenilo linali m'mbali mwa mtsinje wa Nile, makamaka kumene lero kuli Sudan. Ku Cairo mnyamata wogulitsa tiyi anatiuza kuti eni ake dziko lawo amalitchula Misr. Amayi msungichuma anatsegula Genesis 10:6 pomwepo, kapu ili m'manja, n'kuloza dzina la Mizraimu mwana wa Hamu. Kuyambira pamenepo kabuku kawo kofiira kolembamo za ulendo sikanatsekedwenso.

Wotitsogolera ku Jordan anali munthu wophunzira ndi woleza mtima. Pa phiri lapakati pa mzinda wa Amman anatifotokozera kuti pamenepo ndiye pa Raba wa ana a Amoni, mbumba ya Benami mwana wa Loti, ndi kuti Ptolemy II wa ku Iguputo anausintha dzina kukhala Philadelphia, koma patapita zaka mazanamazana dzina lakale linabwerera. Ku Madaba tinaona mapu a timiyala pansi pa tchalitchi cha St George, opangidwa m'zaka za m'ma 500, ndipo tinakweranso phiri la Nebo. Ku Dhiban anatiuza za mwala wa Mesa mfumu ya Mowabu, yemwe uja wa pa 2 Mafumu 3, umene unapezeka mu 1868 ndipo lero uli ku Louvre mu Paris. Pamwalapo pali dzina la Omuri mfumu ya Israele. Zonsezi zili m'kabuku kofiira, wofuna akabwereke.

Tsopano za mwendo wa akulu ampingo athu. Tsiku lachiwiri, popita ku Jerash, basi inaima pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Zarqa, umene ndi Yaboki uja, kumene Yakobo analimbana usiku wonse mpaka anapatsidwa dzina la Israele. Mtsinje wake ndi wochepa kuposa mmene tinkaganizira. Akuluwa anati sangachoke osakhudza madziwo. Tinawaletsa, amayi akunyumba kwawo anawagwira jekete, koma iwo tsetsereku, ndodo m'manja, nyimbo pakamwa. Atatsala pang'ono kufika, mwala unawatembenukira, n'kugwera chammbali. Tonse mitima inali phaphapha. Achinyamata awiri anathamanga kukawanyamula, anamwino athu anawapima bwinobwino n'kupeza kuti palibe chathyoka, koma chiuno chinali chitabinya. Pokwera basi akutsimphina, agogo athu aakazi, amene ulendo wonse anali asanayankhule kanthu, anangoti, "Takulandirani, a Israele." Basi yonse inagwa ndi phwete, eni akenso anaseka mpaka misozi, ndipo anapempha okha kuti tiwerenge Genesis 32 kufikira pomwe akuti dzuwa linamtulukira Yakobo akutsimphina. Mukawamva akuitanidwa dzina limeneli kutchalitchi musadabwe, analivomera, ndipo madziwo anawakhudzadi.

Mkangano uja unabuka tsiku lachinayi, titachoka ku Dhiban pa msewu wakale umene Numeri 20 imautchula msewu wa mfumu. Bambo athu a ku Mzimba ndiwo anayamba, ndipo ndikuchitira umboni kuti anayamba mocheza. Anati, "Mwaona, Baibulo lonse ndi wakuti anabala wakuti, abambo okhaokha. Inu owerengera mtundu kuchikazi, mwana n'kukhala wa amalume ake, munazitenga kuti?" Amayi athu a ku Dowa sanachedwe. "Abambo, tsegulani Mateyu 1 muwerenge mokweza, musadumphe." Anawerenga, ndipo amayiwo ankawerengera pa zala: Tamara, Rahabe, Rute, mkazi wa Uriya, Mariya. "Asanu amenewo analowamo bwanji? Ndipo Rute kwawo ndi kuno, dothi ili tikupondali." Bambowo anabweza ndi Deuteronomo 23:3, pamene pakuletsa Mwamoni ndi Mmowabu kulowa mu msonkhano wa Yehova. Apa ndiye basi inagawikana pakati. A kumpoto mbali yawo, a chikamwini mbali yawo, wina akufuula za malobolo, wina za mbumba, amayi busa akuyesa kuyambitsa nyimbo koma osapeza wowathira mang'ombe. Woyendetsa basi ankangoyang'ana pagalasi. Zoti panatukwanidwa munthu, monga ndamva zikukambidwa, n'zabodza. Mawu anakwera, nkhope zinakwinyika, amayiwo anasamukira mpando wakumbuyo, basi.

Abusa anakhala chete mpaka tinaima pamwamba pa chigwa cha Wadi Mujib, Arinoni wa m'Baibulo, chiphompho chozama moti ena anakana kuyandikira m'mphepete. Pamenepo anatisonkhanitsa, mphepo ikuwomba masamba a Baibulo, natiwerengera 1 Mafumu 14:21: mayi wake wa Rehobowamu, mwana wa Solomoni, anali Naama Mwamoni. Anati ana awiri aja a Loti, obadwira m'phanga mwamanyazi, onse analowa m'nyumba ya Davide, Mowabu kudzera mwa Rute, Amoni kudzera mwa Naama, ndipo Rehobowamuyo alimo pa Mateyu 1:7. Anatikumbutsanso kuti pa phiri la Amman tinajambulitsa zithunzi paja ndi pamene Uriya anafera pankhondo ya ku Raba. Ine ndinamva tsembwe thupi lonse. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga mutu umenewu pa Khirisimasi mothamangira kufika pa vesi 18. Kunena zoona mtima wanga unali kumbali ya amayi a ku Dowa kuyambira pachiyambi, ndipo ukadali komweko, ngakhale bambowo sananame kuti mndandandawo umayenda ndi mayina a abambo.

Chimene chinawagwirizanitsa ndi chakudya. Usiku umenewo tinagona ku Wadi Musa, pakhomo pa Petra, m'dziko la Edomu, miyala yake yofiira ngati katondo. Tinali titatha masiku asanu osaona nsima, ndipo nkhope zinkachita kuonetsa. Anayamba kutipatsa msuzi wa mphodza wotentha, wofinyiramo ndimu, ndi buledi wopyapyala. Abusa atanena kuti ichi ndicho chakudya chimene Esau anagulitsira ukulu wake n'kutchedwa Edomu, kutanthauza chofiira, alembi athu anatsutsa kuti msuziwo ndi wachikasu. Wophika anaitanidwa, anabwera ndi mphodza zosaphika m'mbale, zofiirira ndithu, natisonyeza kuti zimasintha mtundu zikapsa. Mnyamata wathu wa gitala anamaliza mbale yake n'kulengeza kuti akugulitsa mpando wake wapawindo kwa aliyense womupatsa mbale yachiwiri. Anaugula ndi agogo, ndipo sanaubwezenso mpaka ku bwalo la ndege. Ndiye Esau wathu ameneyo.

Kenaka kunabwera mansaf: thireyi yaikulu ya mpunga, nyama ya nkhosa pamwamba, ndi msuzi woyera wochokera ku chambiko choumitsa. Anatiuza kuti eni ake amadya ndi dzanja lamanja, kuumba mpungawo m'manja. Kuumba mbamu atiphunzitse ife? Operekera zakudya anaima kutiyang'ana modabwa mmene tinkachitira mwaluso. Mwa dongosolo la amayi busa, bambo a ku Mzimba ndi amayi a ku Dowa anapezeka pa thireyi imodzi. Poyamba aliyense ankadya mbali yake. Kenaka bambowo anasankha nthuli yonona, anaikankhira kwa amayiwo, nati, "Landirani, a Rute." Amayiwo anayankha kuti, "Zikomo, a Boazi, koma mawa mundinyamulire chikwama." Anachinyamuladi, njira yonse yopanikizika yolowera ku Petra, mtunda wopitirira kilomita imodzi, kupita ndi kubwerera, a Israele akutsatira pambuyo ndi ndodo yawo.

Pobwerera tinadzera ku Ghor as-Safi kukaona phanga limene Akhristu akale ankalilemekeza kuti ndi la Loti, ndipo tinamva kuti Nyanja Yakufa Aluya amaitchulanso Bahr Lut, nyanja ya Loti. Amene madzi amchere anawalowa m'maso akudzidziwa okha.

Tikuthokoza abusa ndi amayi busa, amayi msungichuma amene sanasowetse ngakhale tambala, anamwino athu amene anasisita chiuno chija m'mawa ndi madzulo, achinyamata onyamula akatundu, inu amene munasamala ana athu ndi ziweto zathu, ndi amayi a Lachinayi amene munatichingamira pabwalo la ndege ndi nsima yotentha m'mabakuli. Lachitatu likubwerali tiwerenga Genesis 36, mbumba yonse ya Esau, osadumpha dzina. Abusa apempha kuti aliyense abwere atalemba makolo ake mibadwo inayi, kuchimuna ndi kuchikazi komwe, ndipo a Boazi alonjeza kuti ayamba ndiwo.