Kamphako ka m'mphepete mwa nkhama kanandiyendetsa katatu

Zinayamba ndi madzi a mumtsuko. Ndikamwa m'mawa, dzino lina la m'mwamba, mbali ya kumanzere, linkandilasa ngati singano. Tiyi wa shuga naye chimodzimodzi. Pagalasi sindinkaona bowo, mpaka tsiku lina ndikuyendetsa chikhadabo ndinakhudza kamphako kachikasu pamene dzino limakumana ndi nkhama.

Ndinakhala miyezi iwiri ndikuzengereza. Kwathu kuno munthu akati akupita kwa a mano, timadziwa kuti abwera ataluma thonje, dzino litatsala konko. Sindiwadzudzula kwenikweni achipatala, poti anthufe timafika dzino litatheratu, komanso odziwa ntchitoyi ndi ochepa. Ganizani kuti maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili mu yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Koma ine langa ndinkalifunabe.

Ulendo woyamba ndinatenga buku langa la kuchipatala. Adokotala, mayi wofatsa, anayamba ndi mafunso: ngati ndili ndi matenda a shuga, ngati ndimasuta, mankhwala amene ndikumwa. Shuga ndi fodya, akuti, zimachedwetsa nkhama kupola. Atangogunda nkhama ndi kachitsulo kawo, magazi anatuluka.

"Bambo, tandionetsani mmene mumatsukira mano."

Ndinaonetsa ndi chala, uku ndi uku, mwamphamvu ngati ndikukwecha poto wopserera. Anangopukusa mutu. Anandifotokozera kuti chikutiro cholimba cha dzino, enamel, chimathera m'mphepete mwa nkhama. Kupitirira apo ndi muzu, ndipo muzu ndi wofewa. Mswachi wanga wolimba uja unali utakankha nkhama, muzu n'kuonekera, kenako n'kumauperesa tsiku ndi tsiku. M'kati mwa dzino muli timabowo tosaoneka ndi maso tolunjika ku mtsempha, n'chifukwa chake madzi ozizira ankandilasa. Pamwamba pa kuperesekako, shuga anali atayambanso ntchito yake: pamalopo panali patayamba kuwola.

Ndinaganiza kuti amata pompo. Anakana. Kunena zoona ndinanyansidwa, chifukwa ndinali nditapempha tsiku kuntchito, ndalama ya minibasi itapita kale. Koma chifukwa chawo chinali chomveka. Zomatira mano sizigwira pamalo pamene pakuchucha magazi, monga mmene pulasitala sagwirira pakhungu lonyowa. Akamata nkhama ikadali yotupa, chomatacho chimatha kusiya mpata m'mphepete kapena kugwa msanga. Ndiye tsikulo anangondichotsa litsiro lija limauma ngati mwala kuseri kwa mano, ndi kamakina kolira mosokosa kopopera madzi. Sikupweteka kwenikweni, koma kumanyerenyetsa mpaka m'mutu. Anandiuza kuti ndigule mswachi wofewa, ndizichukucha madzi ofunda a mchere, ndibwerenso pakatha masabata awiri.

Masiku oyamba nkhama zinkatulukabe magazi ndikamatsuka, ndipo mtima unkati ndizipewe malowo. Anali atandichenjeza kale kuti kusiya kutsuka pamene pakutuluka magazi ndiko kumakulitsa vuto. Pofika tsiku lakhumi, thovu linkatuluka loyera.

Ulendo wachiwiri ndiwo unali womata. Anandiuza za zomatira zitatu. Pali amalgam, chachitsulo chija, cholimba koma chimaoneka munthu ukaseka. Pali composite, chofanana kwambiri ndi mtundu wa dzino, koma chimafuna malo ouma gwa. Ndiye pali glass ionomer, chomwe chimapirira chinyezi pang'ono ndipo chimatulutsa fluoride pang'onopang'ono kuteteza m'mphepete kuti musawolenso, ngakhale chimapereseka msanga poyerekeza ndi zinazo. Ine ndinkathamangira chokongola. Iwo anati poti kamphako kanga kali pamuzu ndipo kanayamba kuwola, ndiponso si malo otafunira, glass ionomer ndiye woyenera. Ndinavomera.

Jakisoni wa dzanzi anandiluma kamphindi chabe, mlomo n'kuyamba kulemera. Kenako anachita chinthu chimene sindinkachiyembekezera: anatenga kaulusi n'kukakanikizira pakati pa dzino ndi nkhama, kuti nkhama isunthe pang'ono, m'mphepete mwa bowo muoneke bwino ndipo chinyezi chisalowe. Anapala powola paja ndi kamakina, anaika thonje m'tsaya, wothandizira akuyamwa malovu ndi kapaipi. Atamata anawalitsapo kuwala kwa buluu kuti chiume, anachotsa kaulusi kaja, n'kusalaza. Zonse sizinapitirire mphindi 40.

Anandiuza kuti ndisadye mpaka dzanzi litatha, maola awiri kapena atatu. Ine ndi njala yanga ndinagula mandasi pa depoti. Ndinazindikira madzulo kuti ndinatafunira limodzi ndi mlomo. Chilonda chimenecho chinandivutitsa kuposa dzino lenilenilo.

Madzi ozizira anasiya kundilasa m'masiku ochepa, ndipo ndinkayesa nkhani yatha. Koma patatha masabata ngati awiri, nkhama ya pa dzino lokhalo inafiira, n'kumatuluka magazi pamene kwina konse kunali bwino. Ulusi wotsukira pakati pa mano unkakodwa pamalopo n'kumanyotsoka. Lilime nalo linkangopitako, likumva kakhonde. Ndinazengerezanso, kuopa kuoneka wovuta, koma ndinapita.

Adokotala sanatsutse. Anapeza kuti kachidutswa ka chomatira kanatsala kotulukira m'mphepete, pansi pa nkhama. Kanthu kochepa choncho kamasunga litsiro pamene mswachi sufika, nkhama n'kumatupa, ndipo kakasiyidwa nthawi yaitali ngakhale fupa logwira dzino limatha kuyamba kudyeka. Anasalaza ndi timapepala topyapyala tokhakhala, opanda jakisoni, mphindi zisanu zokha. Anandipatsa ulusi kuti ndiyese ndekha ndisananyamuke, ndipo unadutsa osakodwa. Kuyesa kumeneku n'kumene ndikadapempha pa ulendo wachiwiri uja ndikadadziwa.

Patatha sabata nkhama inabwerera mtundu wake. Pamene inathawa paja sipanabwerere, ndipo anandiuziratu kuti nkhama ikatsika simeranso yokha. Chimene tingathe n'kuiletsa kupitirira. Pano ndimatsuka kawiri pa tsiku, mswachi nditaupendeketsa kuloza ku nkhama, mozungulira pang'onopang'ono. Ndimaonetsetsa kuti pa chubu cha mankhwala otsukira mano palembedwa fluoride, ambiri amalemba kuchuluka kwake kuti 1450 ppm, ndipo ndikatha ndimangolavula osachukucha ndi madzi. Chimenechi ndiye chinandivuta kuzolowera. Shuga wa mu tiyi ndamutsitsa kuchoka pa masipuni atatu kufika pa imodzi, ngakhale kwa alamu anga ndimabwererabe ku zakale.

Mswachi wolimba uja sindinautaye. Uli pakhonde, ndimakwechera nsapato.