Kani vuto linali kukula kwa dontho

Abale lero mtima wakhala m'malo. Masabata atatu ndikulimbana ndi phunziro la fumbi la kumtaya osalowa m'mutu, koma usiku wathawu zatheka.

Za PM10 ndi PM2.5, tifumbi tosaposa ma micrometre 10 ndi 2.5 kukula kwake (ma micrometre 1,000 amapanga milimita imodzi), sindibwereza, tonse tinaloweza kale. Chomwe chimandizunguza ine ndi ichi, ngati madzi amathetsa fumbi, bwanji lole ikathira madzi pamsewu wa malole otaya zinyalala makina oyezera aja amaonetsabe fumbi m'mwamba? Kani dontho lalikulu likamagwa limakankha mpweya, mpweyawo umadutsa m'mbali mwake ndiye tifumbi tating'onoting'ono timangotsatira mpweya uja kulilambalala dontholo osalikhudza n'komwe. Koma dontho likakhala laling'ono lofanana ndi fumbilo zimagundana, zimamatirirana, zimalemera n'kugwa pansi. Ndinajambula dontho papepala, mizere ya mpweya ikulizungulira, kadontho ka bolopeni pa mzere umodzi, pomwepo mutu unatseguka.

Apa ndi pamene lamulo la Stokes, lonena za liwiro lomwe kanthu kakang'ono kamatsikira mumpweya, linayamba kumveka. Kafumbi kakachepa ka 10, liwiro lake logwera pansi limachepa ka 100. Ka ma micrometre 10 kamatsika mamilimita 3 okha pa sekondi mpweya uli zii, nanga ka 2.5 kaja kolowa mpaka mkati mwa mapapo? Kamangoyandama, anthu otola zinyalala ndi madalaivala n'kumakapuma tsiku lonse. Madzi a lole ntchito yake ndi kunyowetsa nthaka kuti matayala asadzutse fumbi basi, lomwe lauluka kale saligwira.

Nchifukwa chake ine makina opopera nkhungu ndawakonda kwambiri, kwa ine palibe chowaposa. Zokwirira zinyalala ndi dothi la masentimita 15 madzulo aliwonse, kuchepetsa liwiro la malole, kutsuka matayala potuluka, ndi zabwino inde, koma nkhungu imagwira fumbi m'mwamba momwemo komanso siithira madzi ambiri m'zinyalala oti akachulutse leachate, madzi onyansa otuluka m'zinyalala.

Chondiwawa ndi choti aphunzitsi anatha maola awiri akuwerenga fomula pa bolodi, chithunzi ngakhale chimodzi ayi, titafunsa anati nthawi yatha mukawerenge. Mayeso ali pafupi, mitu ina inayi sindinaikhudze.

Chatsala kundivuta ndi tsiku la mphepo yamphamvu. Timadontho topepuka chonchi mphepo siingatiulutse tisanakumane ndi fumbi? Ukatikulitsa wabwereranso ku vuto loyamba lija. Pamenepa ndikadaganizabe.