Lachitatu, tsiku la 19 osathamanga

Kusanayere bwino gulu lathu la othamanga linali litatsika kale kulowera ku mlatho wa Bakili Muluzi. Okutobala wa kuno ku Mangochi safuna wogona, chifukwa ikangokwana 8 koloko phula limayamba kuwotcha mapazi. Mtsikana wathu wa makilomita 10 sanapite nawo. Anatsala pabwalo atakhala pa njerwa, nsapato zili m'jumbo. Lero ndi tsiku la 19 chisiyireni kuthamanga chifukwa cha ululu wa msongolo, komanso tsiku lachisanu chimalizireni mankhwala a malungo a LA.

Tinayamba ndi kope lake la mtima. Amawerenga kugunda kwa pamkono kwa mphindi yathunthu akangodzuka, asanatsike pabedi. Masiku ali bwino kunkakhala 54. Lero walemba 66, dzulo 68. Lamulo lathu n'lakuti kukapitirira ndi 10 pa kwa masiku onse, tsikulo palibe chotulutsa thukuta kwambiri. Malungo amaswa maselo ofiira a magazi, ndiye ngakhale kutentha thupi kutatha, mtima umagwirabe ntchito yowirikiza kuti mpweya ufike m'minofu. LA anamwa bwino: mapiritsi 4 nthawi iliyonse, maulendo 6 m'masiku atatu, ulendo wachiwiri patatha maola 8, ndipo ankamwera phala la nsinjiro popeza mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akakumana ndi mafuta.

Kenako msongolo. Tinayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwa fupa, mbali ya mkati, kuchokera pakakolo kukwera m'mwamba. Pafupifupi chikhatho chimodzi pamwamba pa kakolo anakoka mwendo. Malo ake ndi omwe aja, aang'ono moti nsonga ya chala imawaphimba. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Ululu ukamwazika m'litali mwa fupa, masentimita 5 kapena kuposa, n'kumachepa thupi likatenthedwa, nthawi zambiri ndi kutupa chabe kwa pamene minofu imagwira fupa, ndipo munthu amangochepetsa mtunda. Koma ukakhala pamalo amodzi, n'kumakula pamene ukuthamanga, mpaka kumamveka poyenda kapena usiku, timaganizira mng'alu wa fupa wobwera chifukwa cha kupondaponda. X-ray ya sabata yoyamba sinaonetse kanthu, ndipo zimenezo si zachilendo: mng'alu wotere nthawi zambiri suoneka m'masabata awiri kapena atatu oyamba, umadzadziwika fupa latsopano likayamba kumera pamalopo. Mwayi wake ndi woti uli mkati chakumbuyo, komwe kumapola m'masabata 6 mpaka 8. Wa kutsogolo kwenikweni kwa msongolo umatenga miyezi, ndipo ena amachita kupangidwa opaleshoni.

"Akochi, koma ndikamayenda sindikumva kanthu," anatero.

"Chemwali, kuyenda kwako n'kwa pakhomo ndi pamsika. Dumpha ndi mwendo umodzi ka 10 osakwinya nkhope, tidzakambirane."

Anaimirira kuti adumpe, tinamukhazika pansi. Fupa likadali lowawa polidina, kudumphako n'kungolipweteka. Mayeso amenewo adzabwera chala chikadzadutsa popanda kukoka mwendo.

Momwe zinafikira apa zili m'kope lomwelo. Ankathamanga makilomita 40 pa sabata, ndiye m'masabata atatu okha anafika 70, yambiri mwa iyo pa phula la msewu wa ku Monkey Bay. Mapapo ndi mtima zimazolowera msanga, fupa limachedwa, n'chifukwa chake munthu amavulala nthawi yomwe akudziona kuti ali pa fomu. Nsapato nazo n'za pa kaunjika. Kunja zikuoneka zatsopano, koma titadina soli ndi zala tinapeza kuti siponji yake inafa kalekale, yachita makwinya ngati chigumu chogonetsa. Nsapato yothamangira imatha pakati pa makilomita 500 ndi 800, ndipo ya pa kaunjika sudziwa kuti mwini wake woyamba anadyapo angati. Pogula musamayang'ane mtundu. Pindani, dinani pachidendene, ikani pamalo osalala muone ngati yapendekeka.

Cha m'ma 10 koloko anapita ku chipatala ndi mayi ake kukatenga zotsatira. Magazi ali pa 10.4, pamene mkazi wamkulu amayenera kukhala pa 12 kapena kuposa. Mumkodzo apezamo mazira a likodzo. Izi sizinatidabwitse, koma zasokoneza pulani.

Malangizo ambiri a othamanga ovulala amati lowa m'madzi: sambira, kapena thamanga m'madzi akuya pomwe mapazi sagunda pansi, fupa lipume mapapo akugwira ntchito. Malangizowo ndi abwino kwa munthu amene ali ndi dziwe lothiridwa mankhwala. Kuno madzi tili nawo ochuluka, nyanja ya Malawi kumtunda, Malombe kumunsi, Shire pakati, koma m'mphepete momwe muli bango ndi udzu, pafupi ndi midzi, ndi momwe mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboto timaboola khungu, sikuti mpaka umwe madziwo. Tikakula timaikira mazira m'mitsempha ya chikhodzodzo, ndipo munthu amataya magazi pang'onopang'ono mumkodzo, nthawi zina osaoneka ndi maso. Kwa wothamanga amene malungo angomudyera magazi, kutayako ndi kuthira madzi mumtsuko wobooka. Ndiye zosambira tazichotsa. Wapatsidwa mankhwala a likodzo a praziquantel malinga ndi sikelo, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Iye ali ndi makilogalamu 45, kutanthauza 1,800, omwe ndi mapiritsi atatu a 600. Amamwa kamodzi, atadya bwino, ndipo chizungulire ndi kupotokola m'mimba tsiku limenelo zimachitika. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, zazing'ono zimatha kupulumuka, choncho mkodzo udzayezedwanso. Saletsanso kutenga likodzo kachiwiri, n'chifukwa chake tapempha mayi ake kuti zochapa zizichitikira pa mjigo.

Nesi anamufunsanso za kumwezi, funso lomwe makochi ambiri aamuna amalizemba. Wadumphitsa miyezi itatu, ndipo mimba palibe. Kwa mtsikana wothamanga chimenechi si chizindikiro choti wakhwima pa masewera ayi. Ndi thupi likunena kuti chakudya chikuchepa poyerekeza ndi ntchito, ndipo kusamba kukaima mafupa amayamba kufooka. Mng'alu uja sunabwere ndi phula lokha.

Masana tinakhala ndi mayi ake pakhonde kukambirana za mbale. Mtsikanayu anayamba kudzimana nsima poopa kunenepa pamene sakuthamanga, zomwe n'zolakwika kwambiri, chifukwa fupa lomwe likupola limadya. Tagwirizana katatu pa tsiku osadumpha, ndi kena kake pakati. Usipa adye wathunthu ndi mutu ndi minga yomwe, m'menemo ndimo muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Nyemba, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, chiwindi kamodzi pa sabata ndalama ikalola. Mapiritsi owonjezera magazi amwe monga auzidwira, miyezi itatu, ngakhale atayamba kumva mphamvu pakatha masabata awiri. Chimbudzi chimada ndipo nthawi zina chimauma, asadabwe. Cholakwika chomwe timachiona kawirikawiri ndi kumwera mapiritsiwa tiyi. Tiyi amamanga ayironi ya m'mapiritsiwa kuti isalowe m'thupi, ndiye pazidutsa ola limodzi kapena awiri. Amwere madzi a malambe kapena a mandimu, ngakhale bwemba.

Mayiwo anafunsa ngati angamuthowe ndi madzi otentha kapena kuitana wotikita. Katumba angatikitidwe, koma pa fupa penipenipo asakhudzepo. Anatulutsanso kapepala ka diclofenac komwe anagula pa golosale. Tinakabweza m'thumba. Mankhwala a mtundu umenewu, pamodzi ndi brufen, amabisa ululu womwe ndi wokhawo ukutiuza za fupa, amapweteka m'mimba, ndipo ukawamwa thupi lili louma ndi dzuwa la kuno impso zimavutika. Usiku ukawawa, panado ndi ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 n'zokwanira.

Dzuwa litapendeka, cha m'ma 4:30, tinabwereka njinga ya kabaza ya mchimwene wake. Chishalo tinakweza mpaka bondo lizingopindika pang'ono pedulo ikakhala pansi. Anapalasa mphindi 20 zokha pamalo athyathyathya, pa liwiro loti atha kulankhula chiganizo chonse osapumira pakati, osaimirira pa mapedulo. Iye amafuna kukwera Chowe kulowera ku Namwera. Phiri limenelo lidikire mtima ubwerere pansi pa 60. Anatenga botolo la lita imodzi la Thanzi. Paketi ikasowa, timasupuni 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi abwino zimagwira ntchito yomweyo. Atabwerako anagona pamphasa: kukweza chiuno ka 15 maulendo atatu, kukweza mwendo chammbali ka 15 mbali iliyonse, kulimbitsa mimba masekondi 30 katatu. Msongolo sunadandaule.

Chovuta chachikulu lero sichinali m'mwendo. Anzake atabwerako m'mawa akuseka, akuwerengerana mamineti, iye anatembenukira kumbali n'kumasewera ndi foni. Wovulala ukamusiya kunyumba amayamba kuthamanga mobisa, kawirikawiri pamchenga wa kunyanja poganiza kuti ndi wofewa, pomwe mchenga umakoka katumba ndi mtsempha wa chidendene kuposa msewu wafumbi. Ndiye kuyambira mawa wotchi ndi yake. Azijambula nthawi za anzake ndi kulemba m'kope la gulu.

Tamulembera ndondomeko yobwererera kuti asamangofunsa kuti liti. Choyamba, kuyenda mwandawala mphindi 30 popanda ululu kwa sabata yathunthu, chala chidutse pa fupa bwinobwino, adumphe ka 10. Chachiwiri, magazi ayezedwenso pakatha masabata 4 ndipo akhale akukwera. Zonsezi zikatheka, ayambe mphindi imodzi kuthamanga, 4 kuyenda, maulendo 6, pabwalo la udzu kapena msewu wafumbi, tsiku limodzi inde lina ayi. Kenako 2 ndi 3, kenako 3 ndi 2, mpaka mphindi 30 osaima. Ululu ukabwerera pamalo aja, apume masiku atatu n'kubwerera sitepe imodzi m'mbuyo. Liwiro ndi mapiri zimabwera pamapeto penipeni. Mpikisano wa Disembala tauchotsa pa kalendala. Iye watchula Porters Race ya ku Mulanje ya mwezi wa Julaye, ndipo tati imeneyo ikambidwe mvula ikadzatha.

Madzulo mayi ake anaimba foni kuti praziquantel wamwa atadya nsima ya utaka, chizungulire chinamugwira pang'ono, wagona. Neti inali ndi bowo chakumapazi, asoka.