Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Situdiyo ya m'bulangeti

Gawo lapitali ndinakusiyani ndili chaka chachitatu ku sukulu ya utolankhani pa yunivesite, atangondipatsa kiyi wa situdiyo ya wailesi ya ophunzira. Kiyi ameneyo ndinangoyenda naye masabata atatu basi. Pa 11 Marichi 2020 a WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, analengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, pasanapite nthawi tinauzidwa kuti aliyense alongedze azipita kwawo, makalasi azikhala pa Zoom.

Zamakalasi apa intanetizo sindichedwapo, nonse mukudziwa, makamera ozimitsa, wina waiwala kutseka maiki tikumva mwana akulira, lekichala akufunsa "mukundimva?" kakhumi.

Amene anatidzutsa kutulo ndi a Madamu a phunziro la wailesi. Tsiku lina anatiuza zomwe mkulu wa WHO, Tedros, anayankhula ku Munich mu Febuluwale, zoti kupatula kachilomboko kuli mliri winanso wa nkhani zabodza womwe anautcha infodemic. Ndiye anati, "Ana inu, situdiyo yatsekedwa koma mabodza sanatsekedwe. Sabata iliyonse mundigwirire mphekesera imodzi pa magulupu a WhatsApp a kwanu, muifufuze mpaka komwe yachokera, mupange pulogalamu ya mphindi zisanu."

Gulu lathu tinalipo anayi, ife tinayamba ndi mphekesera ija yoti netiweki ya mafoni ya 5G ndi yomwe ikufalitsa korona. Mukuikumbukira eti? Nkhani imeneyi inafika povuta moti ku UK anthu anayatsa moto nsanja za netiweki mu Epulo. Kuitsutsa kwake sikunali kovuta, kachilombo sikangakwere mafunde a foni, komanso matendawa anali atafala kale m'maiko oti 5G kunalibe, koma kuti uzinene mwakuti agogo amve osaona ngati ukuwanyoza, pamenepo ndi pomwe panali ntchito. Sikiriputi yake tinailemba kasanu. Tinaphunziranso kuponya chithunzi pa Google nkupeza kuti chomwe akuti chajambulidwa dzulo ndi cha zaka zammbuyo, cha dziko linanso.

Kujambula mawu ndiye kunali kosekesa. Chipinda chopanda kanthu chimabweza mawu, ndiye ndinkadzifundika bulangeti lokhuthala, foni m'manja, sikiriputi ndikuwerenga ndi katochi, thukuta lili kamukamu. Kenako kudula ndi kulumikiza pa Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mawu. Namwino yemwe ankatiyankha mafunso ankatumiza ma voice note usiku akaweruka, mawu otopa, ndipo ndikuuzeni, palibe maikolofoni ya mu situdiyo inandipatsako mawu ogwira mtima ngati amenewo.

Kumapeto kwa chaka sukulu inatumiza kalata ya nkhani pa imelo yofotokoza zomwe yakwanitsa mkati mwa mliri. Malekichala omwe atulutsa kafukufuku, akale athu omwe akulemba za korona m'manyuzipepala, omaliza omwe avala magauni pabalaza kwawo. Ife tinali pansi penipeni, mzere umodzi, dzina langa atalakwitsanso sipelo. Ndinajambulabe sikilinishoti, mpaka pano ndili nayo.

Koma chomwe sindidzaiwala ndi ichi. M'mawa wina amalume ananditumizira odiyo, pamwamba pake pali kachizindikiro kaja kosonyeza kuti yatumizidwa kambirimbiri, ndi uthenga woti "mvera izi mphwanga, wayankhula ndi dokotala wamkulu wa kunja." Kutsegula, ndikumva mawu anga omwe, a m'bulangeti aja, wina atadula koyambirira komwe tinkatchula maina athu.

Ndinawaimbira. "Malume, ameneyutu ndine."

"Iwe usandipusitse, mawu ako ndimawadziwa, uyu ndi munthu wophunzira."

Ndinawatumizira a Madamu nkhani yonseyo, anaseka kaye kenako anati imeneyo ndiye asayimenti ya sabata yamawa, mufufuze anadula ndi ndani. Mmene tinamusakira munthuyo ndikuuzani mu gawo 10.