Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Tsamba lolowera limene linkabweza makalaliki

M'gawo lapita ndinafotokoza za pulogalamu yoyamba imene ndinalandirapo ndalama, yomwe ndinalembera kopaletivi ina ya alimi a soya ndi nshawa. Ofesi yake inali mu Chipata, ndipo madepoti ake anali ku Chadiza, ku Katete ndi m'mbali mwa msewu wopita ku Lundazi. Pulogalamuyo inali ya pa intaneti, yolembedwa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa PHP, ndipo ntchito yake inali yosavuta kuimvetsa: kalaliki wa pa depoti ankalowa ndi dzina lake ndi pasiwedi, n'kulemba dzina la mlimi, kulemera kwa matumba amene akwera pa sikelo ndi mtengo wa tsikulo, kenako a ku ofesi ankaona zonsezo asanatumize ndalama pa foni ya mlimiyo. Chaka choyamba inayenda popanda chovuta chachikulu. Zimene ndikufuna kufotokoza tsopano zinachitika m'nyengo yogula mbewu ya 2019.

Chiyambi chake chinali cholinga chabwino. Kuyambira mu Julayi 2018, pamene Google inatulutsa Chrome 68, browser imeneyi (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti) inayamba kulemba mawu akuti "Not secure" pambali pa adiresi ya webusaiti iliyonse yotseguka kudzera pa http m'malo mwa https. A tcheyamani a kopaletivi, omwe anali mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ankawerenga chilichonse chooneka pa sikirini, mawuwo sanawasangalatse, chifukwa m'pulogalamumo munali mayina a alimi, manambala a ziphaso zawo za NRC ndi ndalama zimene aliyense ankayembekezera. Nkhawa yawo inali yomveka, pakuti pa http pasiwedi imayenda poyera, ndipo aliyense amene ali pakati pa foni ndi seva (kompyuta imene pamakhala webusaiti) angathe kuiwerenga. Komiti inapempha kampani ina ya ku Lusaka imene tinkachitako lendi seva kuti ikonze zimenezi. Anyamata a kumeneko anatenga satifiketi yofunika kuti webusaiti itseguke pa https, ya bungwe la Let's Encrypt, yomwe ndi yaulere ndipo panthawiyo inkagwira ntchito masiku 90 isanafunike yatsopano, koma sanaiike pa seva imene panali pulogalamu yanga. Anaiika pa seva ina yakutsogolo, yoyendera pulogalamu yotchedwa Nginx, imene inkalandira alendo a mawebusaiti angapo n'kuwapititsa kumaseva amkati. Seva yotere amaitcha reverse proxy. Anayatsanso mu PHP lamulo lotchedwa session.cookie_secure, limene limachititsa kuti chizindikiro cha munthu amene walowa chiziyenda pa https pokha. Zinthu ziwirizi ndi zimene akatswiri ambiri amachita, ndipo mpaka lero sindiona chifukwa chowadandaulira. A manejala anatumiza linki yatsopano, yoyamba ndi https, pa gulu la WhatsApp la makalaliki, ndipo tonse tinkaganiza kuti nkhaniyo yatha.

Madepoti atangotsegulidwa, foni yanga sinapume. Dandaulo linali limodzi paliponse: kalaliki akalemba dzina ndi pasiwedi n'kudina batani, tsamba linkaphethira pang'ono n'kubwereranso lomwelo, mabokosi ali opanda kanthu. Chimene chinandidabwitsa chinali chakuti panalibe uthenga uliwonse. Pulogalamu yanga inkalemba mawu ofiira pasiwedi ikalakwika, koma pano sinkalemba kalikonse. A manejala, poona kuti anthu akulephera kulowa, anasinthira makalaliki onse mapasiwedi, ndipo zitakanika anawasinthiranso, mpaka ena anayamba kuiwaladi kuti pasiwedi yogwira ntchito ndi iti. Makalaliki anabwerera m'makaundula a mapepala, zomwe zinachititsa kuti malipiro achedwe, chifukwa a ku ofesi sankatumiza ndalama popanda kuona zolembedwa m'pulogalamu. Mlimi amene wapalasa njinga mtunda wautali ndi matumba awiri a soya, kapena amene wabwereka ngolo ya ng'ombe, sangadikire kuti makina ayambe kumvana. Mavenda ankakhala chapafupi ndi depoti ali ndi ndalama m'manja, ndipo ngakhale mtengo wawo unali wotsika, alimi ena anayamba kupita kwa iwowo.

Pa laputopu yanga pulogalamu yomweyo inkalowetsa munthu bwinobwino, koma zimenezi sizinkathandiza, popeza pa laputopu panalibe proxy ndiponso lamulo lija linali lozima. Chimene chinatsegula njira chinachokera kwa amayi ena achikulire, kalaliki wa ku Chadiza, amene anandiimbira madzulo ena. "Mwananga," iwo anatero, "a manejala akungotisinthira mapasiwedi pachabe. Ine ndikalemba dzina langa chimandibweza ndithu, koma ndikachitseka n'kudinanso linki ija ya pa WhatsApp, ndimapezeka ndili mkati." Ndinawafunsa kuti, "Amayi, mukadinanso linkiyo, imakufunsaninso pasiwedi?" Anayankha kuti siifunsa, ndipo anawonjezera kuti akalemba mlimi mmodzi n'kusunga, chimawatulutsanso, koma akabwerera kudzera pa linki yomweyo amapeza dzina la mlimiyo lalowa. Kwa ine amayiwa anachita theka la ntchito yonse, chifukwa zimene ananenazo zinatsimikiza kuti seva inkavomera pasiwedi ndipo inkamudziwa munthuyo. Cholakwika chinali malo amene inkamutumiza pambuyo pake.

Kuti izi zimveke, ndiyenera kufotokoza pang'ono mmene kulowa m'webusaiti kumayendera. Seva siikumbukira munthu pakati pa pempho limodzi ndi lina. Pasiwedi ikavomerezedwa, PHP imasunga zokhudza munthuyo m'fayilo ya pa seva, n'kupatsa browser nambala yaitali yolozera kufayiloyo, ndipo nambalayo imasungidwa m'kanthu kotchedwa cookie. Nthawi iliyonse imene browser ikupempha tsamba lina, imatumiza cookie ija pamodzi ndi pempho, ndipo seva imadziwa potero kuti uyu ndi uja walowa kale. Pa nthawi yomweyo ya kulowa, seva siitumiza tsamba lamkati mwachindunji, koma imayankha ndi nambala 302 ndi mzere wotchedwa Location, umene umauza browser adiresi yoti ipiteko. Zonsezi zimachitika mofulumira kwambiri moti maso amangoona kuphethira kuja.

Usiku umenewo ndinatsegula webusaiti yeniyeniyo pa Chrome, ndinadina F12 kuti nditsegule zida zofufuzira, ndinapita pagawo la Network n'kuchonga kabokosi ka Preserve log. Kabokosi kameneka n'kofunika kwambiri pa ntchito yotere, chifukwa popanda iko mndandanda wa mapempho umafufutika tsamba likangosintha, ndipo umboni umene ukuufuna umapita nawo limodzi. Chaka chimenecho madzi anachepa m'damu la Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri, choncho ndinali nditazolowera kugwira ntchito pakati pa usiku. Nditalowa ndi akaunti yoyesera, mizere inaoneka motsatana. Pempho loyamba, lonyamula pasiwedi, linapita pa https ndipo linayankhidwa ndi 302, pamodzi ndi cookie yokhala ndi chizindikiro cha Secure. Koma adiresi imene inali mu Location inkayamba ndi http. Browser inamvera n'kupita kumeneko, ndipo popeza cookie ya Secure siitumizidwa pa http, inafika chimanjamanja. Pulogalamu, poona mlendo wopanda cookie, inachita zimene ndinaiphunzitsa: inamubwezera patsamba lolowera ndi 302 ina, nayonso ya http. Apa m'pamene panali msampha weniweni, chifukwa kalaliki ankapezeka patsamba looneka chimodzimodzi koma la http, ndipo ngakhale akanalemba pasiwedi yolondola kangati, Chrome inkakana kusunga cookie ya Secure yochokera patsamba losatetezeka. Amayi a ku Chadiza ankapulumuka chifukwa linki yawo inkawabwezera pa https, kumene cookie yoyamba ija inali idakali yamoyo.

Funso lotsala linali lakuti n'chifukwa chiyani pulogalamu inkalemba http pamene munthu wabwera kudzera pa https. Inkapanga adiresi yonse yokha, ndipo kuti idziwe mawu oyambira inkayang'ana mu $_SERVER['HTTPS'], malo amene PHP imasonyeza ngati pempho labwera pa https. Koma tsopano foni ya kalaliki inkalankhula ndi proxy pa https, ndipo proxy inkalankhula ndi seva yamkati pa http wamba. Zinali ngati mfumu imene imangomva nkhani kuchokera kwa nduna yake: imamva zonse zimene mlendo wanena, koma sidziwa njira imene mlendoyo wadzera pokhapokha nduna itatchula. Kwa PHP, mlendo aliyense ankaoneka kuti wabwera pa http, ndipo sinkanama. Inkanena zimene inkaona.

Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi anandilangiza pa foni kuti ndingoika mizere itatu pamwamba pa pulogalamu yokakamiza aliyense wobwera pa http kupita pa https. Malangizowa amapezeka paliponse pa intaneti ndipo pa seva yopanda proxy amagwiradi ntchito. Ndinawayesa pa kope loyesera limene linali kumbuyo kwa proxy yomweyo, makamaka pofuna kutsimikiza zimene ndinkaganiza, ndipo zotsatira zake zinali zimene ndinkayembekezera: pulogalamu inkaona http, n'kutumiza browser ku https, proxy n'kubweretsanso pempholo pa http, pulogalamu n'kutumizanso browser ku https, mpaka Chrome, imene imasiya ikatumizidwa kopitirira ka 20, inalemba ERR_TOO_MANY_REDIRECTS. Ndikanaika mizereyo pa webusaiti yeniyeni, ngakhale amayi a ku Chadiza sakanathanso kulowa.

M'mawa mwake ndinaimbira mnyamata wa ku kampani ija n'kumuwerengera mizere imene ndinaona, ndipo sanachedwe kumvetsa. Anawonjezera mu Nginx mzere wakuti proxy_set_header X-Forwarded-Proto $scheme, umene umachititsa proxy kuuza seva yamkati njira imene mlendo wadzera. Kumbali yanga ndinasintha pulogalamu kuti izikhulupirira mzere umenewu pokhapokha pempho likachokera pa adiresi ya IP ya proxy yathu, chifukwa munthu aliyense angathe kulemba X-Forwarded-Proto m'pempho lake n'kunamiza pulogalamu yongokhulupirira chilichonse. Tinagwirizananso kuti ntchito yokankhira anthu kuchoka pa http kupita pa https ichitikire pa proxy, osati m'pulogalamu, popeza proxy ndi imene imaona zoona. Tinayamba ndi 302, imene imatanthauza kusamuka kwa kanthawi, ndipo titakhutira kuti zonse zili bwino m'pamene tinasintha kukhala 301, ya kusamuka kokhazikika. Tinatero chifukwa browser imasunga 301 n'kumaitsatira osafunsanso seva, moti ukailemba molakwika, mafoni a makalaliki a kutali amapitiriza kusochera ngakhale iwe utakonza kale.

Chimene ndimachiona kuti chinali kukonza kwenikweni, komabe, chinali kuchotsa mbali yonse yopanga adiresi yathunthu. Kuyambira mu 2014, chikalata cha malamulo a HTTP chotchedwa RFC 7231 chinalola kuti Location ikhale ndi njira yokha yoyamba ndi chizindikiro cha /, popanda http kapena dzina la webusaiti, ndipo browser imamaliza yokha potengera pamene ili. Pulogalamu imene siilemba http kapena https siingasankhe molakwika. Pamalo onse amene munthu amatumiza fomu ndinasinthanso 302 kukhala 303, nambala imene imanena mosabisa kuti browser ipemphe tsamba lotsatira mwa GET, kutanthauza kungolitenga osatumizanso fomu, ndipo ndinaonetsetsa kuti pambuyo pa lamulo lililonse la header() lotumiza munthu kwina pali lamulo la exit, kuti PHP isapitirize kuyendetsa mizere yapansi.

Ndili m'fayilo yomweyo ndinayang'ananso kachigawo kamene kamakumbukira tsamba limene munthu ankafuna asanafunsidwe pasiwedi. Kachigawo kotere kakamalandira adiresi iliyonse, wakuba angathe kutumizira kalaliki linki yooneka ngati ya kopaletivi, imene pambuyo polowa imamupititsa ku webusaiti yabodza yomufunsanso pasiwedi. Ndinakalamula kuti kazilandira njira zoyamba ndi / mmodzi yekha, chifukwa adiresi yoyamba ndi // browser imaiwerenga ngati dzina la webusaiti ina. Patapita milungu ingapo tinayatsanso HSTS, lamulo louza browser kuti isayesenso n'komwe http pa webusaitiyo, ndipo tinayamba ndi nthawi yochepa tisanaitalikitse.

Makalaliki anayambanso kulowa tsiku lomwelo, koma ntchito yotopetsa inali idakalipo. Zonse zimene zinalembedwa m'makaundula a mapepala zinayenera kulowetsedwa m'pulogalamu, ndipo pochita zimenezi tinapeza kuti ku Katete alimi ena analembedwa kawiri. Makalaliki a kumeneko anali atamva njira ya amayi a ku Chadiza, koma pulogalamu ikawatulutsa pambuyo posunga ankaganiza kuti zimene alemba zatayika, n'kuzilembanso. Mlembi wa ku ofesi ndi ine tinafananiza zolembedwazo ndi malisiti a pa sikelo mmodzimmodzi ndalama zisanatumizidwe, ndipo titamaliza ndinaika lamulo la UNIQUE m'database, mosungira zolembedwa zonse, pa nambala ya lisiti pamodzi ndi dzina la depoti, kuti lisiti limodzi lisamalowenso kawiri.